Akuti Ndinaledzera

Lamulungu, 11 Julaye 2004

Dzanja likunjenjemera, koma ndilemba ndithu. Aliyense wobwera pabedi pano akundiuza nkhani yakeyake ya zomwe ndinachita Lachinayi lapitali, ndiye ndikufuna ndikhale ndi yanga.

Ine ndine Benard Namakhwa, wolawa tiyi kufakitale ya esiteti yathu. Mowa sindinaulawepo chibadwire. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa kuntchito akuti ndinaledzera.

Ndili mu wodi ya amuna, bedi la pazenera. Diripi ili kudzanja lamanzere. Thupi latentha 38.4 m'mawa uno. Keziya, mkazi wanga, akuti tsiku lomwe ndinabwera linafika 40.1. Miyendo ikudumpha yokha pansi pa bulangete. Thukuta lili kamukamu pamene kunja kuli chiperoni, anzanga onse adzikuta mpaka kumutu. Kutsegula m'mimba sikunasiye.

Ndatopa.

Lolemba, 12 Julaye

38.0. Dayazepamu wa m'diripi amusiya, tsopano ndikumwa wa mapiritsi. Akundipatsanso timapiritsi toyera totchedwa sayipuloheputadini. Asisitala a Marita, omwe amayang'anira wodi ino masana, akuti ndi tomwe tija atsikana amagula kumsika kuti anenepe. Anaseka ponena zimenezi. Ine sindinaseke.

Lero mphamvu zilipo pang'ono, ndiye ndilembe zomwe ndikukumbukira.

Chifuwa chinandiyamba kumayambiriro kwa Juni. Chouma, chokanda pakhosi. Kudisipensale ya esiteti anandipatsa panado ndi bakiterimu. Ndinabwererakonso, anandipatsa zomwezo.

Ntchito yanga ndi ya pakamwa. Timakapu toyera timandandalikidwa patebulo, ine kutunga ndi supuni, kupsontha mwamphamvu kuti tiyi afike m'kamwa monse, kenako kulavula m'chitini. Munthu wotsokomola sangaichite ntchito imeneyi. Komanso masiku ano mwamuna akatsokomola milungu itatu, anthu amayamba kumuyeza ndi maso, kuona kolala ya shati ngati yakhwefuka ndi lamba ngati waboolanso bowo lina. Ndinazindikira tsiku lina kuti supuni yanga akumaitsuka payokha.

Lolemba la sabata yatha bwana Dixon, manijala wa fakitale, anandiitana mu ofesi.

"A Namakhwa, Lachinayi kukubwera alendo ogula tiyi. Chifuwa chanucho sindikufuna kuchimva m'chipinda cholawira. Muone chochita."

Sanafunse ngati ndikugona, sananene kuti pitani kuchipatala chachikulu. Muone chochita, basi.

Ndinaona chochita. Ndinapita kuboma, pa shopu ina yogulitsa mankhwala, n'kugula mabotolo a mankhwala a chifuwa ndi mapiritsi a chimfine. Wogulitsayo sanandifunse kanthu, anangoti amenewa ndi amphamvu, bambo. Supuni imodzi inkagwira kanthawi kochepa, chifuwa n'kubwerera. Ndinasiya supuni n'kumamwera pabotolo. Lachitatu botolo linatha lonse. Lachinayi m'mawa ndinatsegula lina, ndinamwa kupitirira theka, ndinawonjezera mapiritsi aja kuti zitsimikizike.

Chifuwa chinatheratu zii. Koma nditaima patebulo pamaso pa alendo, magetsi anayamba kundithobwa m'maso. Supuni inkagunda mano. Ndinayamba kuyankhula kwambiri, osatha kudziletsa, akuti ndinkafotokozera mzungu za mvula ya chaka cha 1989. Miyendo inauma ngati mitengo. Ndinagwira tebulo kuti ndisagwe, makapu onse n'kugwa nane.

Mawu omaliza omwe ndinamva bwinobwino ndi a bwana Dixon: "Mutulutseni, waledzera."

Waledzera. Sanati aledzera. Munthu yemwe ndinamuphunzitsa kugwira supuni atangobwera kumene kuchokera kusukulu.

Alonda anandinyamula n'kukandigoneka m'kanyumba ka pageti kuti mowa utsike. Ndinagona pasimenti pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Keziya anamva kwa amayi ena kumjigo kuti amuna anu agona pageti ataledzera. Anathamanga, anandigwira pamphumi, anaimika lole yonyamula masamba pakati pa msewu, ndi kulumbira kuti sachokapo mpaka andikweze.

Lachiwiri, 13 Julaye

37.8. Mtima 104 pa mphindi, akuti unali 140.

Pozungulira wodi lero adokotala, a Uchizi Mkandawire, mayi wa ku Rumphi wosachedwa ndi mawu, anabwera ndi ophunzira awiri. Anagwira phazi langa n'kulikankhira m'mwamba mwadzidzidzi. Phazi linayamba kugunda dzanja lawo lokha, ngati la telala pa makina. Anauza ophunzirawo kuti aonetsetse, chifukwa mwina sadzazionanso msanga. Ndasanduka chionetsero.

Kenako anakhala pamphepete pa bedi n'kundifotokozera. Nditafika ankaganiza kuti ndi malungo a muubongo, anayamba kwinini. Magazi anaonetsa kuti malungo mulibe, kwinini anamusiya. Anatunga madzi a pamsana, anali oyera. Ndipamene anaona kuti maso anga akula ngati a mphaka, phazi likugunda, m'mimba mukulira, n'kuuza Keziya kuti apite kunyumba akabweretse mankhwala aliwonse omwe ali m'nyumba.

Keziya anabweretsa mabotolo aja. Anabweretsanso zomwe sanayenere kubweretsa.

Ndilembe, poti wodi yonse ikudziwa kale. Mwana wathu woyamba, Angel, anamwalira mu 2002 ali Folomu 3. Anadwala mutu Lachisanu, Lolemba tinali kumanda. Maliro atatha ine ndinasiya kudya, ndinasiya kugona, ndinkangokhala pakhonde kuyang'ana mizere ya tiyi. Ndikupita ku Limbe pa za ntchito ndinakaonana ndi dokotala wina wa ku Blantyre, yemwe anandipatsa makapisozi a fuluwokisetini, limodzi m'mawa uliwonse. Anandithandiza. Ndinkawasunga m'bokosi la wailesi pamwamba pa kabati. Ankadziwa ndi Keziya yekha.

Adokotala anati: "Muubongo muli kanthu kotchedwa serotonini. Makapisozi anuwa amakachulukitsa pang'ono, ndiyo ntchito yake. Mankhwala a chifuwa munamwawa muli dekisitirometofani, m'mapiritsi a chimfinewa alimonso. Ameneyu akachuluka amakachulukitsanso kanthu komweko, ndipo makapisozi amachedwetsa thupi kumutulutsa. Zitakumana ziwirizi, kanasefukira. Akazi anu akadabisa makapisozi, bwenzi tikufunafunabe, mwina bwenzi takupatsani china chowonjezera moto."

Ndinafunsa chifukwa chake palibe anandiuzapo. Dokotala wa ku Blantyre sananene. Wa pashopu sanafunse. Pabotolo alembapo tizilembo tating'ono ngati nyerere, m'Chizungu chomwe ngakhale ine wa Folomu 4 sindingachimasulire. Adokotala anangoti, "Anayenera kukuuzani." Anatinso ngakhale popanda makapisozi, botolo lathunthu tsiku limodzi si mamwedwe. Zimenezo ndazimva.

Zonsezi zinkanenedwa popanda katani. Wodi ino katani ilipo imodzi, ndipo amaisungira omwalira.

Lachitatu, 14 Julaye

Mkodzo wafiira ngati tiyi woiwalika pamoto. Atenga magazi kuti aone impso. Akuti minofu inauma nthawi yaitali ndiye ikutaya zoipa. Diripi awonjezera, ndimwe madzi ambiri.

Bedi loyandikana nane pali a Goodson, madala a ku Chimaliro, omwe anadzitema mwendo ndi mpeni podulira tiyi, bala n'kuola. Ndi munthu wabwino, koma pakamwa palibe chitseko.

"Achimwene, mankhwala a mutu ananena adokotala aja, ndi aja amapereka ku Zomba?"

Ndinatembenukira kukhoma. Chiyambire dzulo, wokolopa amandiyankhula mokweza ndi pang'onopang'ono, ngati ndine mwana. Wina wa bedi la kukhomo wasuntha mpeni wake wosendera malalanje n'kuubisa pansi pa pilo.

Keziya anabwera ndi nyemba za kalongonda, zomwe amayi ake atumiza kuchokera kwa Goliati. Ndinamuuza kuti wandivula pagulu. Anaphimba mbale n'kuika pakabati, anapita kukachapa zovala zanga.

Sindinadye. Anadya a Goodson.

Lachinayi, 15 Julaye

37.2. Impso akuti zili bwino, mkodzo wayamba kuyera. Phazi likugundabe koma limasiya msanga. Adokotala akuti ena zimawathera tsiku limodzi kapena awiri, koma makapisozi angawa amachedwa kuchoka m'thupi, ndiye ndipirire. Ndayenda mpaka kuchimbudzi ndekha, ndikugwira khoma.

Kunabwera a Stafford, wachiwiri wanga m'chipinda cholawira. Anakhala kumapeto kwa benchi, chipewa chili m'manja, n'kumayang'ana diripi m'malo moyang'ana ine.

"Akulu, andituma. Akuti mwaimitsidwa kaye ntchito mpaka akhale pansi."

"Mlandu wake?"

"Kuledzera pantchito pamaso pa alendo. Alonda akuti m'kamwa munkamveka kafungo."

"Ka mankhwala a chifuwa."

"Ndinawauza zimenezo, akulu. Koma a kudisipensale akuti alipo anthu amamwa mankhwala a chifuwa dala kuti aledzere, makamaka omwe amaopa kuoneka kumowa. Akuti a mpingo ndiye amakonda njira imeneyo."

Ndinafuna kuzula diripi. Munthu yemweyo wondipatsa panado milungu isanu, lero wasanduka katswiri wa khalidwe langa!

A Stafford anawonjezera kuti nkhani yafika kumpingo komwe ndine mmodzi wa akulu, ndipo akulu anzanga agwirizana kuti ndisagawe nawo Mgonero mpaka zidziwike. Palibe mmodzi wa iwo wabwera kudzandiona. Nyumba yomwe tikukhala ndi ya esiteti. Ntchito ikatha, nyumba yatha, ndipo mwana wathu wotsala, Cuthbert, ali pakati pa sukulu ya sekondale.

Madzulo ndinapempha adokotala kuti akauze a esiteti kuti sunali mowa.

"Ndikhoza, mukandilola. Koma ndikangotchula mankhwala a chifuwa okha, adzanena zomwe akunena kalezi. Chomwe chikufotokoza kutentha thupi ndi kuuma miyendo kuja ndi kukumana kwa mankhwala awiri. Achiwiriwo sindingawatchule popanda inu kuvomera."

Ndiye nazo. Ndisankhe dzina loti ndizidziwika nalo pa esiteti: chidakwa kapena wamisala.

Lachisanu, 16 Julaye

36.9. Diripi achotsa. Dayazepamu achepetsa.

Chifuwa chabwerera mwaukali, ndiye lero linali tsiku lake. Makhololo ayeza, TB mulibe. Ekisileyi ili bwino. Adokotala anafunsa ngati tingayezetse magazi a kachilombo, ine ndi Keziya. Tinapita limodzi kukachipinda ka kuseri, osayankhulana njira yonse. Tonse tilibe. Keziya anangopuma mozama n'kumanga bwino chitenje.

Kenako anandipatsa kachitoliro koti ndiuziremo mwamphamvu, anandipopera mankhwala, ndinauziranso. Akuti ndi mphumu, ndipo ayenera kuti akuidzutsa ndi fumbi la tiyi la m'fakitale pamodzi ndi kuzizira. Andipatsa kopopera m'kamwa ka buluu. Ndinapopa kawiri, chifuwa chinamasuka ndisanabwerere pabedi.

Kanthu kokwana m'thumba la shati. Ndinakayang'ana nthawi yaitali, mtima ukuwira. Supuni yanga yotsukidwa payokha, maso a anthu pakolala yanga, mabotolo aja, simenti ya pageti, zonsezi chifukwa palibe yemwe anaika chomvera pachifuwa panga ngakhale kamodzi.

Za makapisozi akuti ndisayambirenso panopa. Adzandiona pakatha milungu iwiri, ndipo tidzagwirizana ngati ndiyambirenso kapena ayi. Akuti vuto si makapisozi, koma kusakaniza. Ndinawafunsa kuti nanga mdima uja ukabwerera ndisanafike tsikulo? Anati ndisadikire tsiku, ndibwere pomwepo.

A Goodson awauza kuti mwendo sadula. Anaimba nyimbo ya Chilomwe mpaka asisitala anawaletsa. Atatha anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, Lachitatu lija ndinalankhula mopusa. Mwana wanga wamwamuna atamwalira ndinamwa kachasu chaka chathunthu. Bola inu munamwa za kuchipatala."

Loweruka, 17 Julaye

Bwana Dixon anabwera nthawi ya alendo, atanyamula malalanje ndi paketi ya shuga. Anapereka moni kwa Keziya mwaulemu kwambiri, anakokera mpando pafupi, anatsitsa mawu.

"A Namakhwa, ine sindikufuna kukutayani. Lilime ngati lanu kulibe Thyolo yonse. Tiyeni tiithetse mwachidule. Mungovomera kuti munalawako pang'ono chifukwa cha kuzizira, tikupatsani chenjezo loyamba, Lolemba linalo muli pantchito. Akuluakulu akufuna kungomva kuti nkhani yatha."

Ankayankhula ngati akundipatsa mphatso. Ndipo kunena zoona, kwa kanthawi ndinaiona njira imeneyo kuti ndi yofewa. Pa esiteti chidakwa amachiseka lero, mawa aiwala. Wamisala samuiwala.

Koma ndinayang'ana nsapato zake zopolishidwa, n'kukumbukira kuti ndinaziona zikudutsa pakhomo pa kanyumba ka pageti, ine ndili pansi, osaima.

Ndinapempha asisitala a Marita kuti aitane adokotala. Podikira sindinatsitse mawu. Ndinati:

"Bwana, mowa sindinamwe ndipo sindivomera. Ndinamwa mankhwala a chifuwa mopitirira muyeso chifukwa munandiuza kuti simukufuna kumva chifuwa changa. Ndimamwanso mankhwala ena, a matenda a nkhawa, chimwalirireni mwana wanga. Munabwera pamaliro pake, munaona. Zaka ziwiri zonsezi tiyi yemwe mwakhala mukugulitsa ndimamulawa ndine, ndikumwa mankhwala amenewo, ndipo palibe wogula anabwezapo ngakhale thumba limodzi. Kauzeni akuluakulu zimenezo. Mukauzenso a kumpingo, poti nkhani zanga zimafikako msanga."

Mawu anga ankanjenjemera, sindikudziwa ngati anali matenda kapena ukali.

Adokotala atafika ndinawauza kuti anene zonse. Ananena, mwachidule monga mwa khalidwe lawo. Pomaliza anafunsa bwana Dixon kuti anandisunga pageti nthawi yaitali bwanji. Bwana anati sakudziwa bwinobwino. Adokotala anati, "Akadafika kuno dzuwa litalowa, bwenzi mukubweretsa shugayu kumaliro. Ngakhale akadakhala kuti aledzeradi, munthu wotentha thupi choncho samugoneka pasimenti."

Bwana Dixon anapukuta magalasi ake nthawi yaitali. Anati, "Sitimadziwa." Anabwerezanso. Kenako anafunsa adokotala, osati ine, ngati mankhwala oterewa sasokoneza lilime kapena maganizo a munthu pantchito.

Pepani sanamutchule. Ndinatchera khutu mpaka anatuluka pakhomo.

Malalanje ndagawira wodi yonse.

Lamulungu, 18 Julaye

36.7. Phazi lasiya kugunda. Manja akunjenjemera pang'ono pokha, zolemba zayamba kuoneka ngati zanga. Sayipuloheputadini asiya.

M'mawa kunabwera amayi a chigwirizano kudzaimba m'mawodi. Atachoka, ine ndi Keziya tinatuluka kukakhala padzuwa kuseri kwa wodi, pafupi ndi pomwe odikirira odwala amaphikira. Ndimaganiza kuti anena kuti ndinachita bwino dzulo. Sananene. Ndiye ndinayamba ndine, ndipo ndinayamba molakwika. Ndinati zonsezi sizikadafika apa akadapereka makapisozi aja kwa adokotala pambali, osati pamaso pa anthu.

Keziya anaika pansi mbale yomwe ankapukuta.

"Pambali pake pati? Munali mukuuma m'manja mwanga, maso ali pamtunda. Ndikanayamba kufunafuna pambali?"

Ndinati ndi chinsinsi changa.

"Chanu. Zonse ndi zanu. Chifuwa chanu, ntchito yanu, dzina lanu, chisoni chanu. Bambo a Angel, mwana uja ndinabereka ndine. Ndinamusambitsa ndine tsiku lomaliza. Inu munapita ku Blantyre, munapeza wokumverani, munabwera ndi makapisozi n'kundiuza kuti ndisauze munthu. Sindinauze munthu. Amayi anga omwe sindinawauze. Ndinkakuphikirani, kukuchapirani, kuyankha anthu kuti abambo angotopa ndi ntchito. Ine munandifunsapo kuti ndimagona? Yunifolomu yake ili m'sutikesi mwanga mpaka lero, ndimaitulutsa inu mukapita kuntchito. Inu munali ndi makapisozi. Ine ndinali ndi chiyani?"

Sanalire. Anatola mbale ija n'kupitiriza kupukuta, ngakhale inali youma kale.

Sabata yonseyi ndakwiyira bwana Dixon, alonda, wa kudisipensale, wa pashopu, dokotala wa ku Blantyre, akulu a mpingo, wokolopa. Onsewo ndikadawakwiyirabe, ndipo ndili ndi zifukwa. Koma pamenepa panalibe woti ndimukwiyire. Tinakhala mpaka mthunzi wa khoma unatipeza.

Lolemba, 19 Julaye

A Stafford abweranso. Mlandu wa kuledzera authetsa. Koma akuti ndikayambe ndagwira kusitolo ya matumba kwa miyezi itatu, "kuti ndipezeko mphamvu", kulawa azichita a Stafford. Iwo eni anachita manyazi ponena. Nyumba tikhalabe.

Kusitolo ya matumba ndiko kuli fumbi lambiri kuposa malo onse pafakitale. Ndawauza a Stafford akanene kuti ndikubwera ndi mawu a adokotala pa za mphumu, ndipo nkhani ya pageti sindinaisiye, ndikaitula kubungwe la ogwira ntchito. Mawa adzagonekapo wothyola masamba yemwe alibe mkazi woimika lole.

Kumpingo sikunabwere mawu aliwonse.

Adokotala andilembera mayina a mankhwala oti ndisamamwe, ndipo akuti kulikonse komwe ndikagule kapena kulandira mankhwala, ndiziyamba ndanena zomwe ndikumwa kale. Ndinawauza kuti tsopano sichovuta, Thyolo yonse ikudziwa.

Atatsala pang'ono kuchoka ndinawafunsa ngati amaonanso anthu omwe sakudwala thupi. Anandiyang'ana, anayang'ana Keziya yemwe ankapinda bulangete, anati mawa m'mawa akatha kuzungulira wodi adzakhala mu ofesi.

Keziya anati, "Ine sindinapemphe."

Ndinati, "Ndikudziwa. Mukafuna."

Lachiwiri, 20 Julaye

Anditulutsa. 36.6, mtima 78. Kopopera kali m'thumba, tsiku lobweranso ndi 3 Ogasiti. Ndatsanzikana ndi a Goodson, andiuza kuti ndikadzadutsa ku Chimaliro ndikatenge nthochi.

Ndikulemba nditakhala pabenchi panja pa ofesi ya adokotala, katundu ali pamiyendo: chikwama, beseni, mbaula, mapoto awiri. Sindimadziwa kuti Keziya anasenza zonsezi yekha.

Tikudutsa pakhomo pa ofesiyi popita kugeti, anaima, anandipatsa beseni, anagogoda. Walowa kalekale. Poyamba sikunkamveka kanthu. Tsopano ndikumva mawu ake, akuyankhula osalekeza, koma sindikumva zomwe akunena, ndipo ndasunthira kumapeto kwa benchi kuti ndisamve.

Mlonda wabwera kudzandiuza kuti minibasi ya kwathu yatsala pang'ono kudzaza, tikachedwa itisiya.

Itisiye.